Chikhululuko cha a Mhone

Nkhorongo, Mzuzu
10 Febuluwale 1986

Wokondedwa mlongo wanga Jasper,

Monire. Uli uli ku Blantyre kwakoko? Ife kuno tili makora, kupatula mvula imene yatiiwalitsa maonekedwe a dzuwa, ndi bondo langa lija. Nsapato zoyera za kwaya zimene unandilonjeza pa Khirisimasi sindinazionebe. Mwina zikubwera wapansi. Sayizi ikadali sikisi, mapazi sanakule.

Ine si munthu wamiseche, iwe ukudziwa, amayi athu anatilera bwino. Koma maso sapempha chilolezo.

Kumpingo kwabwera mphunzitsi watsopano wa kwaya, a Amon Chiumia a ku Chintheche, osakwatira. Amagwira ntchito ku matabwa, amakhala ku Geisha, ndipo ali ndi njinga yamoto yofiira. Chiyambire Januwale njinga imeneyi yaizolowera njira ya ku Chiputula moti ikhoza kupitako yokha. Ndaiona katatu itaima pampanda wa nyumba yako. Lachinayi lapitali ndinaona mkazi wako Hilda atakwera kumbuyo, atawagwira a Chiumia m'chiuno. Akuti amaopa kugwa. Ine ndakhala m'kwaya zaka khumi ndi zinayi, ndimayenda wapansi kuchoka ku Nkhorongo ndi bondo ili, koma palibe anandifunsapo ngati ndimaopa kugwa.

Chinanso, nyimbo ya Pasaka, ndime ija yoimba munthu mmodzi, imene ndakhala ndikuimba ine chimwalirire alamu ako, ampatsa Hilda. Ati mawu ake ndi oyera. Athu enafe kaya anada liti.

Nditamufunsa mlamu wangayo anati a Chiumia amabwera ndi nsalu za yunifolomu ya kwaya kuti asoke. M'kwaya tilimo anthu makumi awiri ndi atatu. Ngati akubweretsa nsalu imodziimodzi, njinga ija tiiona mpaka Juni.

Mwana wako Tamara ali bwino, kusukulu akukhoza. Ine sindinanene kanthu. Ndangopereka moni.

Ine mlongo wako,
Marjorie

Chitawira, Blantyre
21 Febuluwale 1986

Adumbu,

Kalata yanu ya pa 10 ndailandira pa 19, ndaidinda tsiku monga mwa chizolowezi, ndipo ndaiwerenga kasanu ndi kamodzi. Inafika itamatidwa bwino kuposa mmene inu mumamatira, choncho moni kwa onse amene anaiwerenga panjira.

Zaka khumi ndi chimodzi ndili kalaliki wa mafayilo m'boma, sindinatayepo pepala ngakhale limodzi. Lero ndimve kuti ndataya mkazi, wonditolera n'kukhala munthu wocheka matabwa? Tsopano ndamvetsa chifukwa chake makalata a Hilda afupika. Kale ankalemba masamba awiri kuseri ndi kuseri. Ya mwezi watha inali mizere isanu ndi inayi, ndipo itatu mwa iyo inali ya denga lodontha.

Mundiuze zenizeni. Anamugwira ndi dzanja limodzi kapena onse awiri? Ankaseka? Ankaseka kuseka kwake kuja kopendeketsa mutu, kapena kuseka wamba kwa kutchalitchi? Ndikufuna tsiku, ola ndi nambala ya njinga. Nkhani yopanda deti ndi mphekesera.

Ndakaonana ndi loya. Akuti poti ukwati wathu unali wa m'tchalitchi ndipo unalowa m'kaundula wa boma, ankhoswe sangauthetse, ngakhale khoti la miyambo la kumeneko. Ndi Khoti Lalikulu lokha, kuno ku Blantyre. Ndipo munthu sungangopitako n'kunena kuti ndatopa naye. Pamafunika chifukwa: chigololo, nkhanza, kapena kuthawidwa zaka zitatu. Ine ndasankha choyambacho. Lamulo likufunanso kuti mwamuna winayo atchulidwe papepala, ndiye ndinamulembera loya dzina la Amon Chiumia m'zilembo zikuluzikulu, ndi mzere kunsi.

Mukamva anthu akutchula mtsikana wina dzina lake Stella musatekeseke. Ndi wotayipa wa muofesi mwathu, wa ku Ndirande. Amangondithandiza kuchapa makolala a malaya, poti ine sopo amanditupitsa manja. Zimenezi n'zosiyana kwambiri ndi za njinga zija.

Nsapato zikubwera.

Ine,
J. B. Mhone

Chiputula, Mzuzu
3 Epulo 1986

Bambo a Tamara,

Muli uli? Ife tadzuka. Denga likudonthabe, tsopano pamwamba penipeni pa makina osokera.

Chisamani chanu cha kukhoti chinafika masabata awiri apitawo. Wobweretsayo anandipeza ndili pakhonde ndi amayi anayi a kumpingo, a gulu la Umanyano, ndiye anawerenga dzina langa ndi mlandu womwe mokweza, kuopa kulakwitsa nyumba. Yewo chomene. Chiputula yonse yamva osagula nyuzipepala.

A Chiumia chawo anachilandirira pakhomo la tchalitchi. Akulu ampingo awaimitsa kaye kwaya mpaka mlandu utatha, ine andiimitsa ku Mgonero. Nyimbo ya Pasaka anaimba ndi alamu anga a Marjorie. Anthu akuti anayesetsa.

Pakamwa muli napo. Mwezi uliwonse mumakhala ndi sitampa. Ine simunandifunse kanthu, mwakafunsa a jaji. Basi, a jaji omwewo adzakuyankhani. Amalume anga andipezera loya.

Tamara akufunsa ngati mubwera pa holide ya Julayi. Ndamuuza kuti sindikudziwa ngati a jaji apereka chilolezo.

Ine,
Hilda NyaLongwe

Chitawira, Blantyre
12 Juni 1986

Adumbu,

Ndikhulupirira bondo likupeza bwino. Nambala ya njinga ija simunanditumizirebe.

Mlandu auika pa 18 Novembala. Koma dzulo loya wandiuza chinthu chimene sindinachiyembekezere. Akuti a jaji akavomera pempho langa, pamadutsa miyezi isanu ndi umodzi, kenako ukwati wafa, munthu ndi mfulu.

Ndinati, "Mfuluyo ndine, eti?"

Iye anati, "Nonse awiri, a Mhone."

Ndinati, "Ndi wolakwa yemwe?"

Anati, "Ndi wolakwa yemwe. Akhoza kukwatiwa ndi amene wamufuna tsiku lotsatira, ngakhale a Chiumia omwewo."

Adumbu, limeneli ndi lamulo kapena mphoto? Ndiye kuti ine ndikuvutika ndi maloya kuti Amon apeze mkazi wodziwa kusoka? Akalowe m'nyumba imene ndinaikira ndekha mawindo, akakhale pampando wanga, njinga yake aziilowetsa pabalaza? Tiyi wanga wa tsiku limenelo anazizirira m'kapu. Stella anandifunsa ngati ndadwala, ndinamuuza kuti atayipe zake.

Loya akutinso umboni wathu ndi wowonda. Ati chiuno chogwidwa panjinga yoyenda si chigololo, pamafunika zogwirika. Choncho ndatenga tchuthi cha masabata awiri kuyambira pa 5 Julayi. Ndidzafikira kwanu ku Nkhorongo mwakachetechete, ndizidzazonda nyumba ija ndekha. Musauze munthu. Kabuku kanga ka tsiku ndi tsiku ndidzakatenga. Mukudziwa kuti chiyambire ntchito sindinadumphitsepo tsiku osalemba zimene zachitika, ndipo khoti limalemekeza zolembedwa.

Mundisungire bulangeti, Julayi wa Mzuzu ndimamudziwa.

J. B. Mhone

Nkhorongo, Mzuzu
24 Julayi 1986

Jasper,

Ndikhulupirira unayenda bwino. Ndikuti ndikhulupirira, poti kutsanzika sunatsanzike.

Ndinakuyalira bedi la malemu alamu ako. Ndinapha nkhuku imene inali itayamba kuikira. Unagona tsiku limodzi. M'mawa mwake unati ukukangozungulira ku Chiputula, ubwera nkhomaliro isanakwane. Kupatula m'tchalitchi, ndinadzakuonanso patapita masiku khumi ndi atatu, padepoti ya basi, utavala juzi yatsopano yoluka pamanja, Hilda akukupatsa kamba womanga pansalu. Sindinkadziwa kuti ukazitape umanenepetsa chonchi.

Lamulungu munalowa m'tchalitchi motsogozana, iwe patsogolo, iye pambuyo atanyamula Baibulo lako. Ine ndili m'kwaya ndinaphonya ndime. Denga akuti wakhoma. Mpanda wadulira. Anzanga a ku Chiputula akuti tsiku lina a Chiumia anadutsa pamsewu, iwe unathamangira panja ndi mpando, n'kukhala pakhonde utavala masilipasi, ukusenda nthochi pang'onopang'ono ngati mwini nyumba.

Amayi a Umanyano akundifunsa, "Nanga NyaMhone, mlandu uja watha?" Ndiwayankhe chiyani? Amene ndaoneka wabodza mtauni muno ndine, munthu amene ndinangopereka moni.

Nsapato unabweretsa zija ndi sayizi faifi. Zamukwana Hilda.

Marjorie

Chitawira, Blantyre
4 Ogasiti 1986

Adumbu,

Za nsapato pepani, anasokoneza ndi wam'sitolo. Koma zinazo mukulankhula chifukwa simudziwa ntchito yofufuza. Munthu salondera munda ali mudzi wina.

Tsiku loyamba ndinaima pansi pa mtengo wa mapeyala, kuseri kwa mpanda, kuyambira eyiti koloko. Kamvula ka Julayi kaja kanali kakuwaza. Cha m'ma leveni Hilda anatuluka kukataya madzi, n'kunena osandiyang'ana n'komwe, "Mufa ndi chibayo pampanda wanu womwe. Lowani, muzizondera mkati." Ndinaganiza mofatsa ndipo ndinaona kuti mfundoyo ndi yomveka. Ndili mkati ndimaona zitseko zonse ziwiri. Ndinalowa ngati wofufuza, osati ngati mwamuna.

Zotsatira zake n'zoti masiku onse khumi ndi atatu Amon sanaponde pakhomo paja. Anachita mantha. Munthu wosalakwa amachita mantha? Zonse zili m'kabuku, tsiku ndi tsiku.

Nditabwerera kuofesi ndinapeza m'thireyi mwanga kalata ya loya. Anailemba pa 1 Julayi, inafika pa 7 ine nditachoka kale. Akuti ndisayandikire mkazi wanga, ndisadye naye, ndisagone m'nyumbamo mpaka mlandu utatha. Chifukwa chake sanalembe. Maloya ndi anthu amantha, mwina amaopa kuti ndikamenya munthu. Sindinamuuze kuti ndinapita. Ndikufuna adzadzidzimuke m'khoti momwemo, aone kuti kalaliki wagwira ntchito imene iye ndi madigiri ake inamukanika.

Inu konzekani. Pa 18 Novembala mboni yanga yaikulu ndinu. Mukwere basi ya pa 16, ndidzakuchingamirani.

J. B. Mhone

Nkhorongo, Mzuzu
11 Novembala 1986
(Yalandiridwa pa 21 Novembala. J. B. M.)

Mlongo wanga Jasper,

Monire chomene. Ndili ndi nkhani yabwino ndi ina yocheperako ubwino.

Yabwino n'njoti bondo lapola. Inayo n'njoti ku Blantyre sindibwera. Ndasankhidwa m'gulu la amayi okavina pa mwambo waukulu wa boma, tikuyeserera tsiku lililonse kubwalo la masewero, ndipo pamenepo iwe ukudziwa kuti munthu sakana. Ngakhale a jaji akumvetsa.

Komanso ndakhala ndikuganiza. Kulumbira utagwira Baibulo si masewera. Lachinayi lija ine ndinali m'basi, mvula ikugwa, galasi lili ndi nthunzi. Kuti njinga inali yofiira, chimenecho ndingalumbire. Kuti kumbuyo kunali munthu wamkazi, ndingalumbirenso. Koma manja anali pati, ndiye ukundifunsa zambiri.

Sabata yatha a Chiumia anandipeza ndikuchokera kumsika ndi dengu. Anaima, anandipatsa moni mwaulemu, osatchulako za mlandu ngakhale pang'ono, n'kundikweza mpaka pakhomo. Jasper, njinga ija imagwedeza. Msewu wathu ukuudziwa. Munthu osagwira ugwa ndithu.

Mulungu akutsogolere pa 18. Ukapita m'tauni undifunsireko sayizi sikisi.

Mlongo wako,
Marjorie

Chitawira, Blantyre
22 Novembala 1986

Adumbu,

Kalata yanu yafika dzulo, mlandu utatha masiku atatu. Pa 16 ndi pa 17 ndinaswera padepoti, kusuzumira m'basi iliyonse yochokera kumpoto. Ndikukondwa kumva kuti bondo lachira mpaka kufika povina. Za kugwedeza kwa njinga tidzakambirana pamaso.

Mvetserani mmene zinayendera. Hilda anabwera atavala diresi yobiriwira imene sindinaionepo. Anaisoka liti, anaisokera ndani, sindikudziwa. Amon anakhala kumbuyo, chipewa cha njinga chili pamiyendo. Sanayang'anane ngakhale kamodzi, ndipo kusayang'anana koteroko nanenso ndimakudziwa.

Loya wanga ataona kuti mboni palibe, anayamba kupempha a jaji kuti mlandu auimitse kaye. Ine ndinati ayi, umboni ulipo. Ndinatulutsa kabuku m'thumba la jekete n'kukapereka ndekha kwa kalaliki wa khoti. Loya wanga anadzidzimukadi monga ndinafunira, kenako anagwira mutu ndi manja onse awiri. A jaji anakalandira, anakapatsa nambala. Loya wa Hilda, kamnyamata koonda ka magalasi, anapempha kuti akakawerenge konse pa nthawi ya nkhomaliro. Pobwera ankandiyang'ana mwaulemu kwambiri. Ntchito yaukhondo anthu amaizindikira.

Ndiye anandiimika m'bokosi la mboni n'kuyamba kuwerenga mokweza.

"'7 Julayi. Njinga sinabwere. Chakudya: kondowole ndi nsomba. Ndinagona pabalaza.' Munalemba ndinu, a Mhone?"

"Ndine."

"'9 Julayi. Njinga sinabwere. Kwazizira kwambiri. Bulangeti la pabalaza ndi lopyapyala. Ndasamukira kuchipinda pa zifukwa za umoyo.' Kuchipindako kuli mabedi angati?"

"Limodzi, koma ndi lalikulu."

"'10 Julayi. Chimodzimodzi. 11 Julayi. Chimodzimodzi. 12 Julayi. Chimodzimodzi, kawiri.'"

Anthu anaseka, mpaka wapolisi wa pakhomo anatembenukira kukhoma. Ndinawauza a jaji kuti amenewo ndi malembedwe a muofesi.

"Pa 9 Julayi munali mukudziwa kale zimene mukuwanenera akazi anu?"

"Ndinali nditasuma kale, bwana."

"Ndiye munasamukira kuchipinda mukudziwa?"

"Kunkazizira."

Apo a jaji anavula magalasi n'kunena kuti, "Ku Mzuzu kumazizira chaka chilichonse, a Mhone, koma si onse amasamuka."

Chigamulo sichinatenge mphindi khumi. Akuti lamulo limati mwamuna akadziwa cholakwa cha mkazi wake, n'kubwerera kukakhala naye monga mwamuna ndi mkazi, ndiye kuti wamukhululukira, ndipo khoti silingathetse banja pa chinthu chimene mwini wake wakhululuka. Ndinaimirira n'kunena kuti ine sindinamukhululukire m'pang'ono pomwe, ndili wokwiya mpaka pano. A jaji anati lamulo siliona mumtima, limaona kumene munthu wagona. Ndinafunsa kuti nanga za Amon, anachita kapena sanachite? Anati poti chikhululuko chatsimikizika ndi dzanja langa lomwe, funso limenelo khoti silikufunikanso kuliyankha. Mlandu anautaya. Zolipira za maloya onse, ndi wa Amon yemwe, zili pamutu panga.

Panja loya wanga anandifotokozera tanthauzo la kutaya mlandu, akulankhula pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa mwana wa sitandade wani. Ukwati uli chilili, monga tsiku limene tinatuluka m'tchalitchi. Hilda ndi mkazi wanga, kumusamala ndi udindo wanga. Ndikakwatira wina ndiye ndende. Nkhani ya njinga sindingabwere nayonso, yatsekedwa, pokhapokha patachitika cholakwa chatsopano. Ndinati nanga apilo? Iye anati, "Ndi kabuku kameneka?" Kabukuko katsala kukhoti, akuti tsopano ndi katundu wa fayilo.

Stella atamva zoti ndende, anandibwezera malaya anayi m'pepala, osachapa.

Ndinakwera basi ya ku Chitawira mutu uli pansi. Koma titafika pa Ginnery Corner chinthu chinandiwalira. Adumbu, ngati ine sindingakwatire, ndiye kuti naye Hilda sangakwatiwe! Amon akhoza kugula njinga khumi, akhoza kuzungulira Chiputula mpaka matayala atatha, koma mkazi uja ndi Mayi Mhone mwa chigamulo cha Khoti Lalikulu la dziko lino. Ndinaseka ndekha mpaka kondakitala anandifunsa ngati ndili bwino.

Anthu akuti ndaluza. Awerengenso bwino.

J. B. Mhone

Chitawira, Blantyre
1 Disembala 1986

Mkazi wanga Hilda,

Ndalemba choncho mwa lamulo. Ndikhulupirira munayenda bwino ndipo mwamupeza Tamara ali wamoyo. Mundiuze ngati denga lagwira ndi mvula yoyambayi.

Khoti lanena kuti ndinakukhululukirani. Ine ndine wantchito wa boma, sinditsutsana ndi chigamulo. Choncho ndikukudziwitsani kuti ndakhululuka kuyambira pa 9 Julayi. Ndifika pa 23 ndi basi yamadzulo kudzadya Khirisimasi pakhomo panga. Ndayambanso kulemba kalata yopempha kuti andisamutsire ku Mzuzu. Diresi yobiriwira ija inakukhalani.

Chatsala ndi chinthu chimodzi, ndipo ichi ndikufunsa ine, Jasper, popanda loya, popanda jaji. Hilda, sindikudya bwino. Ndikamva njinga yamoto ikudutsa kunja kwa ofesi ndimasiya cholembera mpaka phokoso litazilala. Sabata yatha ndinaika kalata m'fayilo yolakwika, koyamba chiyambire ntchito. Masiku aja a Julayi ndinkafuna kukufunsani, koma munkaseka bwino, ndinaopa yankho.

Pakati pa inu ndi Amon panachitika kanthu, kapena ayi? Sindidzakwiya, sindingathenso, lamulo landiletsa. Mungolemba mzere umodzi. Inde kapena ayi.

Mwamuna wanu,
Jasper

Chiputula, Mzuzu
12 Disembala 1986

Bambo a Tamara,

Tili makora. Denga lagwira, pamenepo ndikuthokoza. Akulu ampingo andibwezera ku Mgonero, a Chiumia abwerera kukwaya, yunifolomu zonse makumi awiri ndi zitatu zatha kusokedwa.

Kalata yopempha kusamuka ija musafulumire nayo. Kabuku kanu kamene kali kukhoti si ka Julayi yekha. Kanayamba pa 1 Januwale. Loya wanga pa nkhomaliro ija sanadye, ankawerenga. "Stella wabwera, wachapa makolala. Mvula, sanathe kubwerera ku Ndirande." Imeneyo ndi Malichi. Mu Meyi mulibe mvula, koma kubwerera kunkavutabe. Kenako Ogasiti, Seputembala, Okutobala, mutavala juzi imene ndinakulukirani ine: "Chimodzimodzi." Malembedwe a muofesi aja tsopano tonse tikuwadziwa. Dzanja lanu ndi lokongola, palibe tsiku limene a jaji adzavutike kuwerenga.

Mlandu wanu anautaya, koma loya akuti zimenezo sizitseka pakamwa panga. Ine wanga ndi watsopano, ndipo ndausuma Lolemba. Mboni sindikufuna, mboni ndinu. Chisamani chikupezani kuofesi Khirisimasi isanafike.

Loya wandichenjezanso chinthu chimodzi. Akuti za Stella ndazidziwa pa 18 Novembala, ndiye kuyambira tsiku limenelo ndisamale, ndingakukhululukireni mwangozi. Musagone m'nyumba muno, musadye m'mbale zanga. Ine malangizo a loya ndimawamvera, ndinaona ndi maso anga zimene zimachitikira osamvera. Choncho pa 23 mukatsika basi mulunjike ku Nkhorongo. Tamara mudzamuona pa 25 tikaweruka kutchalitchi, pakhonde la abusa, abusawo ali pomwepo. Mukadzaima pansi pa mtengo wa mapeyala, mudzabwere ndi ambulera, chifukwa ulendo uno sindidzatuluka kukataya madzi.

Musaganize kuti ndikulemba ndikuseka. Masiku khumi ndi atatu aja ine ndinkaganiza kuti mwamuna wanga wabwerera. Ndinkaphika ndi mtima wonse. Sindinkadziwa kuti madzulo aliwonse mukandiuza kuti mukukawerenga Baibulo pabalaza, mumakandilemba m'kabuku.

Tsopano funso lanu. Mu Febuluwale mukanakwera basi n'kudzandifunsa pakhomo pano, ndikanakuyankhani madzi a tiyi asanawire. Mu Julayi munandifunsa kumene kuli misomali, munandifunsa ngati mchere ulipo, limenelo simunafunse. Munalitengera kwa a jaji. A jaji aliika pansi osalitsegula, ndipo loya wanga akuti palibe khoti m'dziko muno limene lidzalitolenso. Nanga ine, mayi wosoka wa ku Chiputula, ndine yani kuti ndiweruze mlandu umene Khoti Lalikulu lautaya?

Munandikhululukira, bambo a Tamara. Zili m'fayilo, ndi chidindo chomwe. Chimene munakhululukacho, kaya chinalipo, kaya panalibe, khalani nacho.

Ine mkazi wanu, pakadali pano,
Hilda NyaLongwe